Kuphunzitsa nyama kusiyanitsa zizindikiro: njira yake ndi pamene zimasokonekera

Nyama imabwereza chimene chaipindulira, ndipo chimene sichikuipindulira imachisiya pang'onopang'ono. Edward Thorndike anaonetsa zimenezi mu 1898 ndi amphaka amene ankawatsekera m'mabokosi oti atsegule okha, ndipo B. F. Skinner, m'zaka za m'ma 1930, anakonza bokosi limene khoswe ankadinamo kachitsulo kuti chakudya chigwe. Kuphunzira kotereku akatswiri amakutcha operant conditioning. Kusiyanitsa zizindikiro kumabwera mukawonjezerapo lamulo limodzi: chochitacho chimalipira pokhapokha chizindikiro chakuti chilipo. Nkhunda ikajompha batani likuwala mofiira, chakudya chimatuluka. Ikajompha likuwala mobiriwira, palibe chimachitika. Pakapita masiku, nkhundayo imajompha kofiira kokha. Chizindikiro cholipira m'mabuku amachilemba S+, chosalipira S-, ndipo tizigwiritsa ntchito zilembo zomwezi kuti tisamabwereze mawu ataliatali.

Musanayambe kuphunzitsa, dziwani kuti nyama siphunzira kusiyana kumene inu muli nako m'mutu. Imagwira kusiyana kulikonse kumene kukuilosera mphoto mosavuta. Mu 1961 George Reynolds anaphunzitsa nkhunda ziwiri kujompha chithunzi choyera cha ngodya zitatu chokhala pa malo ofiira, ndi kusiya chozungulira chokhala pa malo obiriwira. Zonse zinakhoza. Atalekanitsa mtundu ndi maonekedwe, anapeza kuti ina inkatsatira kufiira kokha, pamene inzake inkatsatira ngodya zitatuzo osalabadira mtundu. Maphunziro anali amodzi, koma zimene zinalowa m'mitu iwiriyo zinali zosiyana. Pafupifupi malangizo onse ali m'munsimu ndi njira zotsekera mipata yotere.

Sankhani zimene nyamayo ingathedi kuona, kumva kapena kununkhiza

Galu ali ndi mitundu iwiri yokha ya timaselo tozindikira mitundu m'diso, osati itatu ngati munthu. Jay Neitz ndi anzake anatsimikiza izi mu 1989. Buluu ndi chikasu amazisiyanitsa bwino, koma chofiira ndi chobiriwira zimamusokoneza. Mukamupatsa mbale yofiira ndi yobiriwira n'kuoneka kuti wakhoza, n'kutheka kuti akutsatira kuti ina ndi yowalirapo. Nkhunda ndi nkhuku zimaona mitundu kuposa ife, choncho kwa izo mitundu ndi poyambira pabwino. Khoswe saona patali koma mphuno ndi ndevu zake n'zakuthwa. Mupatseni fungo kapena kukhakhala kwa pansi.

Ngati cholinga chanu ndi mtundu weniweniwo, tengerani nzeru ya Karl von Frisch. Pofuna kuonetsa kuti njuchi zimaona buluu, anaika pepala labuluu pakati pa mapepala ambiri otuwa, ena oderapo, ena oyererapo. Pakati pa otuwawo panali lina lowala mofanana ndi labuluulo, moti njuchi yodalira kuwala kokha ikanasokonezeka. Inunso S- yanu ikhale ndi mitundu ingapo, yowala ndi yodera, kuti kuwala kusakhale kolosera.

Palinso kugwirizana kwa chizindikiro ndi chochita. Ku Poland, gulu la Jerzy Konorski linapeza m'ma 1960 kuti agalu ophunzitsidwa kutukula mwendo wamanja kapena wamanzere ankatsatira kumene phokoso likuchokera, kutsogolo kapena kumbuyo, osati mtundu wa phokosolo. Koma ophunzitsidwa kutukula kapena kusatukula ankatsatira mtundu wa phokoso. Choncho ngati mukufuna kuti galu asiyanitse malikhweru awiri, n'chapafupi kuti lina litanthauze "chita" ndipo lina "usachite".

Zofunika kukhala nazo

Tigwiritsa ntchito chitsanzo cha galu wosiyanitsa fungo, chifukwa ndi mmene zolakwika zambiri zimabisalira. Kwa mbalame, m'malo mwa zitini ikani timapepala tolimba tozungulira ta masentimita 4 kapena 5; zina zonse sizisintha.

Pezani zitini zosachepera 6 zofanana ndendende, zachitsulo kapena zagalasi, zokhala ndi zivundikiro. Pulasitiki imasunga fungo ngakhale mutaitsuka. Boolani timabowo 5 kapena 6 ta mamilimita 3 pa chivundikiro chilichonse, zopanda kanthu zomwe. S+ ikhale kachidutswa ka sinamoni (khungwa lonunkhira lokometsera zakudya) ka sentimita imodzi, kogwiridwa ndi kopanira, osati ndi zala. Mphoto ikhale tizidutswa tofewa tosaposa theka la sentimita, toti galu ameze mosatafuna nthawi yaitali. Konzani 30 pa gawo lililonse la maphunziro, ndipo muchotse mlingo womwewo pa chakudya chake cha tsikulo. Mufunikanso clicker, kachipangizo ka m'manja kolira kamodzi mwachidule mukakadina, kapena liwu limodzi lalifupi limene simuligwiritsa ntchito pa zina. Pomaliza, pepala ndi cholembera, komanso munthu wachiwiri amene adzafunike mtsogolomu.

Phunzitsani nthawi ya chakudya isanakwane, nyama ili ndi chilakolako koma isanafike polusa ndi njala. M'malabotale nkhunda nthawi zambiri amazisunga pa 80 mpaka 85 peresenti ya kulemera kwake kwa nthawi zonse, akuziyeza pasikelo tsiku ndi tsiku. Musatengere zimenezo pa chiweto. Nyama yanjala kwambiri imapupuluma, imagunda chilichonse, ndipo kusiyanitsa kumafuna nyama yodekha yoti iyambe yayang'ana kapena yanunkhiza.

Gawo limodzi lisapose mphindi 5 kwa galu. Kwa nkhuku mphindi imodzi kapena ziwiri n'zokwanira. Magawo afupiafupi awiri kapena atatu patsiku amaposa limodzi lalitali.

Choyamba: phokoso litanthauze chakudya

Lizani clicker, ndipo pasanathe sekondi imodzi perekani kachidutswa. Dikirani masekondi 5 mpaka 20, mosinthasintha, kenako bwerezani. Chitani maulendo 20 mpaka 30. Dzanja lisayambe kupita ku chakudya phokoso lisanamveke, apo ayi galu aphunzira kuyang'ana dzanja. Kuti mudziwe ngati zalowa, lizani galu akuyang'ana kwina. Akatembenuka msanga kufuna chakudya, zatheka.

Phokosoli lilipo chifukwa cha nthawi. G. Robert Grice mu 1948 anaphunzitsa makoswe kusiyanitsa njira yakuda ndi yoyera, akuchedwetsa mphoto mosiyanasiyana. Kuchedwa kwa masekondi 5 kunachulukitsa kambirimbiri maulendo ofunika kuti aphunzire, ndipo pa masekondi 10 ambiri sanaphunzire n'komwe. Pa masekondi awiri amene mukupisa m'thumba, galu wachotsa kale mphuno pachitini, watembenuka, wakhala pansi, ndipo mphoto ikugwera pa kukhala pansiko. Clicker imaloza kamphindi kenikeni kamene wachita bwino. Chakudya chikhoza kutsatira pambuyo.

Chachiwiri: chochita chimodzi chomveka bwino

Sankhani chimene galu achite posonyeza yankho lake, ndipo chikhale choti anthu awiri oonerera sangatsutsane ngati chachitika. "Kuonetsa chidwi" si yankho. "Mphuno pa chivundikiro kwa masekondi 2" ndi yankho. Abwampini a bungwe la APOPO, amene amaphunzitsidwa ku Morogoro m'dziko la Tanzania kununkhiza TB m'makhololo, amasonyeza yankho posunga mphuno pabowo kwa masekondi angapo, ndipo kungonunkhiza modutsa sikuwerengedwa. Nthawi yosungayo ndi yothandiza kwambiri: imapatsa nyama mpata wonunkhiza chitini cholakwika n'kuchokapo popanda kuwerengedwa kuti yalakwa.

Ikani chitini cha S+ chokha pansi. Galu akachiyang'ana, lizani ndi kupereka. Akatero maulendo 4 kapena 5, dikirani kuti asendere. Kenako dikirani kuti mphuno igunde. Kenako chedwetsani kuliza ndi theka la sekondi, kenako sekondi, mpaka masekondi 2. Kwezani muyezo pamene wakhoza 8 mwa maulendo 10. Akalephera kawiri kapena katatu motsatizana, bwererani sitepe imodzi. Mphoto muziiperekera pafupi ndi chitinicho kuti mutu uzikhala komweko, koma nthawi zina muiponye patali pang'ono kuti achoke n'kubweranso mwatsopano.

Musakhalitse pano. Magawo awiri kapena atatu akwana. Pa sitepe imeneyi galu sakudziwa kanthu za sinamoni. Akudziwa kuti chitini chimalipira. Herbert Jenkins ndi Robert Harrison anaonetsa zimenezi mu 1960: nkhunda zimene zinkajompha ndi kulandira chakudya phokoso limodzi lomwelo likulira nthawi zonse, zinkajompha chimodzimodzi pa phokoso lina lililonse, ngakhale popanda phokoso. Zimene zinaphunzira kuti kukakhala chete palibe chakudya ndi zimene zinayamba kumvetsera. Chizindikiro chimene chilipo nthawi zonse sichiuza nyama kalikonse. Ndipo mukachedwa, chizolowezi chogunda chitini chilichonse chimazika mizu, n'kutchinga fungo kuti lisadzalowe.

Chachitatu: kulowetsa S-

Pali njira ziwiri. Mutha kuika S+ ndi S- pamodzi kuti nyama isankhe, kapena kuonetsa chimodzi pa nthawi, nyama ichite pa S+ ndi kudziletsa pa S-. Yoyamba ndi yophweka chifukwa nthawi zonse pali choti ichite chimene chimalipira. Yachiwiri imafuna kudziletsa, ndipo imatenga nthawi. Yambani ndi yoyamba.

Mmene mumalowetsera S- ndi pamene aphunzitsi amasiyanirana. Njira yakale inali kuika zonse ziwiri mwamphamvu zofanana n'kusiya nyama ilakwe mpaka itatopa nako kulakwako. Imagwira, koma nkhunda imatha kujompha S- maulendo mazana kapena masauzande, ikukupiza mapiko ndi kusonyeza kukwiya. Mu 1963 Herbert Terrace anayesa zina. Analowetsa S- molawirira, nkhunda itangophunzira kujompha kofiira, ndipo poyamba S- inali batani lozimitsidwa kwa kanthawi kochepa chabe, loti nkhunda sikanalijompha n'komwe. Kenako anatalikitsa nthawiyo pang'onopang'ono ndi kuwonjezera kuwala kobiriwira pang'onopang'ono. Nkhunda zake zinafika posiyanitsa chofiira ndi chobiriwira zitalakwa kochepa kwambiri, zina osalakwa n'kamodzi komwe.

Ndi zitini, chitani motere. Chitini chopanda kanthu chiyambire patali, mita imodzi kumbali, cha S+ chili pafupi ndi galu. Pa maulendo 10 mpaka 15 chisendezeni pang'onopang'ono mpaka ziwirizo zitatalikirana masentimita 40 mpaka 50, zili pa mtunda wofanana kuchokera pamene galu akuyambira. Musaziyandikitse kuposa apo, chifukwa fungo limayenda ndipo lidzafika pa chopanda kanthucho. Dziwaninso kuti pamene mukusendeza, galu akutsatira kuyandikira, osati fungo, choncho zikafanana mtunda adzalakwa ndithu maulendo angapo. Apo ndi pamene kuphunzira kwenikweni kukuyambira.

Akasunga mphuno pa chitini cholakwika, musanene kanthu. Musalize, musakalipe, musaloze cholondola. Nyamulani zitini zonse, werengani masekondi 5 mpaka 10, n'kuyambanso. Kusowa kwa mphoto ndi uthenga wokwanira. Kukalipa kumaphunzitsa galu kuti zitini n'zoopsa, ndipo galu wamantha amasiya kununkhiza n'kuyamba kuyang'ana nkhope yanu kuti aone ngati ali pabwino. Kumuloza cholondola n'koipanso mwa njira ina: amaphunzira kuti akagunda chilichonse n'kudikira, mumuonetsa yankho.

Masiku oyamba mudzaona galu akukanikiza mphuno mwamphamvu pa chitini cholakwika, kuchipalasa, mwina kuuwa. N'zachibadwa: chimene chinkalipira chikasiya kulipira, nyama imayamba yachita mwamphamvu isanasiye. Mukagonja apa n'kupereka chakudya kuti mtima wake ukhale pansi, mwamuphunzitsa kuti kulimbikira pa cholakwika kumalipira. Mudzaonanso kuti tsiku lotsatira, kumayambiriro kwa gawo, zolakwa zimene zinatha dzulo zabwereranso pang'ono. Zimenezonso n'zodziwika, ndipo zimachepa tsiku ndi tsiku.

Mbali: kumanja kapena kumanzere

Vuto lofala kuposa onse pa kusankha pakati pa ziwiri ndi nyama yokonda mbali imodzi. Chifukwa chake n'chosavuta. Galu wopita kumanja nthawi zonse amalandira mphoto theka la maulendo popanda kuganiza, ndipo mphoto yobwera mwa apo ndi apo imalimbitsa chizolowezi kuposa yobwera nthawi zonse.

Lembani ndondomeko ya mbali gawo lisanayambe. Musamasankhe pamene mukuphunzitsa, chifukwa munthu akamayesa kusakaniza m'mutu amangosinthanasinthana, ndipo nyama imagwira msanga kuti kukakhala kumanja, kotsatira ndi kumanzere. Malamulo amene Louis Gellermann anafalitsa mu 1933 akugwirabe ntchito: pa maulendo 10, asanu akhale kumanja ndi asanu kumanzere, ndipo mbali imodzi isabwere koposa katatu motsatizana. Tikalemba J kuimira kumanja ndi Z kumanzere, chitsanzo ndi J J Z J Z Z J J Z Z. Konzani ndondomeko zoterezi zingapo, musamabwereze imodzi.

Ngati galu wakakamirabe kumanja, bwerezani ulendo umene walakwawo, S+ ili kumanzere komweko, mpaka atapitako. Maulendo obwerezawa musawawerengere pa zotsatira. Musawachulukitsenso, chifukwa amaphunzitsa lamulo lina lachinyengo: "ndikalakwa, ndipite mbali inayo." Yang'ananinso chipindacho. Khomo, zenera lolowetsa mphepo, kapena dzanja limene mumaperekera chakudya zimakokera nyama mbali imodzi. Ndi fungo, njira ina yabwino ndi kuchoka pa zitini ziwiri kupita pa zinayi kapena zisanu pamzere, pamene kungolota kumalipira kamodzi kokha pa maulendo anayi kapena asanu.

Kuwerenga

Lembani ulendo uliwonse: mbali ya S+, chimene wasankha koyamba. Kukumbukira kumanama, kumasunga maulendo abwino. Pa zitini ziwiri, nyama yongolota imakhoza theka. Kukhoza 8 kapena kuposa mwa 10 kumachitika mwamwayi pafupifupi kamodzi pa magawo 18 alionse, choncho gawo limodzi labwino la maulendo 10 silitsimikiza kanthu. Kukhoza 15 kapena kuposa mwa 20 kumachitika mwamwayi pafupifupi kawiri pa 100. Muyezo wabwino wopitira patsogolo ndi 17 mwa 20 pa magawo awiri otsatizana, pa masiku osiyana.

Ngati mukuonetsa chizindikiro chimodzi pa nthawi, kuwerenga zimene yakhoza pa S+ kokha n'kudzinamiza, pakuti nyama yochita pa chilichonse imakhoza S+ yonse. Tengani kuchuluka kwa zimene yachita pa S+, mugawe ndi zonse zimene yachita pa S+ ndi pa S- pamodzi. Yankho la 0.5 likutanthauza kuti sikusiyanitsa, 0.9 kapena kuposa ndiye kuti yagwira.

Chizindikiro chachikulu m'chipindamo ndi inuyo

Ku Berlin kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunali hatchi yotchedwa Hans, imene inkaoneka ngati ikuwerenga masamu pogunda chiboda pansi. Mwini wake, Wilhelm von Osten, sankanama dala. Oskar Pfungst ndi amene anaonetsa, mu lipoti la mu 1907, kuti hatchiyo inkalephera wofunsayo akakhala kuti sakudziwa yankho, kapena ikakhala kuti sikumuona. Inkaona kusuntha kochepa kwambiri kwa mutu wa munthu ikafika pa nambala yolondola. Nkhaniyi ndi yakale koma vuto lake silinakalambe. Mu 2011 Lisa Lit ndi anzake a ku University of California, Davis anayesa magulu 18 a agalu ofufuza mankhwala ozunguza bongo ndi mabomba pamodzi ndi owayendetsa, m'zipinda mmene munalibe fungo lililonse la zinthuzo. Agaluwo anasonyeza kuti apeza kanthu maulendo oposa 200, makamaka pa malo amene owayendetsa anauzidwa kuti pali kanthu.

Simungaletse thupi lanu kulankhula. Mumagwira mpweya galu akayandikira cholondola, chala chimakonzekera pa clicker, maso amapita komweko. Mankhwala ake ndi kusadziwa. Wothandiza aike zitini inu ndi galu mutatembenuka kapena muli kunja, iye akhale pamene galu sakumuona, ndipo inu munene mokweza chimene galu wasankha, iye ayankhe ngati n'cholondola, kenako mulize. Yambani kuchita izi galu akangofika pa 15 mwa 20, osadikira kumapeto. Zotsatira zikagwa kufika pa theka, mwadziwa chimene galu ankawerenga.

Zitini nazonso zimaulula. Cha S+ chimagundidwa ndi mphuno kawirikawiri, chimakhala ndi malovu ndi fungo la chakudya chogwera pafupi, mwina chili ndi kachilema pa chivundikiro. Chimagwiridwanso kwambiri ndi manja anu. Pukutani zivundikiro zonse pakati pa maulendo, gwirani zitini zonse mofanana ulendo uliwonse ngakhale zimene simukuzisuntha, ndipo pakatha maulendo 5 alionse sinthani zonse ndi zina zoyera. Chitini chimene munakhalapo sinamoni chisadzakhale S- chisanatsukidwe ndi madzi otentha ndi kuumitsidwa bwino. Chabwino koposa n'kusunga za S+ pazokha m'bokosi lotseka. Kuyesa kwabwino n'kwakuti tsiku lina mubweretse zitini zatsopano zimene galu sanazionepo. Akakhoza ulendo woyamba womwewo, akutsatira fungo.

Kuchokera pa chophweka kupita pa chovuta

Galu wosiyanitsa sinamoni ndi chitini chopanda kanthu wangophunzira kuti "chonunkhira chimalipira". Ikani masamba a tiyi m'chitini china, mudzaona akusunga mphuno pamenepo. Choncho lowetsani mafungo ena ngati S-, limodzi pa nthawi, kuyambira ndi otalikirana kwambiri ndi sinamoni, pang'ono chabe poyamba. Musaiwale fungo la kopanira, la magolovesi ngati mumavala, ndi la chakudya cha mphotocho. Zonsezi ziikidwe m'zitini za S- kuti zitaye tanthauzo.

Kuyamba ndi kusiyana kwakukulu si kutaya nthawi. Douglas Lawrence mu 1952 anapeza kuti makoswe oyamba ndi mitundu yotuwa yotalikirana, n'kumaiyandikitsa pang'onopang'ono, anadzakhoza bwino kusiyanitsa yoyandikana kuposa amene anathera maulendo onse pa yovutayo. Chophwekacho chimaonetsa nyama choti iziyang'ana.

Koma kuyandikitsa kuli ndi malire. Mu labotale ya Ivan Pavlov, galu anaphunzitsidwa kuti chozungulira chimabwera ndi chakudya ndipo chowulungika ngati dzira sichibwera nacho. Anapitiriza kuchisintha chachiwiricho kuti chifanane ndi choyamba, mpaka m'litali ndi m'lifupi mwake zinafika pa 9 kwa 8. Patapita milungu, galuyo anayamba kulira, kuluma zipangizo, ndipo analephera ngakhale zophweka zimene ankakhoza kale. Lamulo lothandiza ndi ili: zotsatira zikatsika pansi pa 14 mwa 20 pa magawo awiri, kapena nyama ikayamba kuyasamula, kudzikanda, kuchoka pamalopo kapena kukana kuyamba, bwererani pa sitepe imene inkakhoza bwino, ndipo sitepe yotsatira muigawe pawiri. Pa gawo lovuta sakanizanimo maulendo ophweka, atatu kapena anayi pa 10 alionse.

Pali chinthu china chodabwitsa chimene chimachitika S- ikayandikana kwambiri ndi S+. Norman Guttman ndi Harry Kalish anaonetsa mu 1956 kuti nkhunda yophunzitsidwa pa mtundu umodzi imajomphanso mitundu yoyandikana nawo, mocheperachepera mtunduwo ukamatalikira. Mu 1959 Harley Hanson anawonjezerapo S-: S+ inali kuwala kwa mananomita 550 (nambala imeneyi ndi muyeso wosonyeza mtundu wa kuwala), kobiriwira mopita ku chikasu, ndipo S- inali yachikasu pang'ono kuposa apo. Poyesa, nkhunda zinajompha kwambiri cha pa 540, mtundu umene sunalipirepo, m'malo mwa 550. Zinathawa S- n'kupitirira S+. Tanthauzo lake kwa mphunzitsi: ngati S- zanu zonse zili mbali imodzi, mwachitsanzo fungo lochepa mphamvu silipira ndipo lamphamvu limalipira, nyama iphunzira kuti "lamphamvu kwambiri ndiye labwino". Mukafuna mlingo weniweni, ikani S- mbali zonse ziwiri. Mukafuna kuti mlingo usakhale ndi kanthu, sinthasinthani kukula kwa kachidutswa ka sinamoni kuyambira masiku oyambirira.

Kuloweza kapena kumvetsa gulu

Nyama yoonetsedwa zitsanzo zochepa imaziloweza, ngati mwana wasukulu woloweza mayankho a mayeso akale. Yoonetsedwa zambiri zosiyanasiyana imakakamizika kupeza chimene zikufanana. Richard Herrnstein ndi Donald Loveland mu 1964 anagwiritsa ntchito zithunzi mazanamazana, zina zokhala ndi anthu, zina zopanda, ndipo nkhunda zinasankha molondola ngakhale pa zithunzi zatsopano. Shigeru Watanabe ndi anzake ku Japan mu 1995 anaphunzitsa nkhunda kusiyanitsa zojambula za akatswiri awiri ojambula zithunzi, Monet ndi Picasso. Mu 2015 gulu la Richard Levenson ndi Edward Wasserman linaphunzitsa nkhunda kusiyanitsa zithunzi za minofu ya bere yokhala ndi khansa ndi yopanda, ndipo m'masiku 15 zinafika cha pa 85 peresenti. Mu kafukufuku yemweyo, pa mtundu wina wovuta wa zithunzi za X-ray, nkhundazo zinakhoza zimene zinaphunzirapo koma zinalephera pa zatsopano. Zinali zitaloweza. Popanda kuyesa ndi zatsopano, palibe akanadziwa.

Choncho tengani sinamoni wochokera m'mapaketi osiyana, wakale ndi watsopano, wa ufa ndi wa khungwa, ndipo musunge zina zoti musaphunzitsire n'komwe, zoyesera zokha. Ulendo woyamba pa chitsanzo chatsopano ndi umene uli ndi umboni. Mukangopereka mphoto, chasanduka chophunzitsira. Zoyeserazi zisapose ulendo umodzi pa 10 alionse.

Phunzitsaninso yankho lakuti "palibe". Galu amene nthawi zonse amapeza S+ pamzere amaphunzira kusankha chimene chikuyandikirako, ndipo tsiku limene palibe adzasankhabe china. Akafika pa muyezo, ikani maulendo awiri pa 10 opanda S+, ndipo mumulipire akanunkhiza zonse n'kubwerera kwa inu.

Pamene chibadwa chikulowerera

Keller ndi Marian Breland, ophunzira a Skinner amene anaphunzitsa nyama zambirimbiri za zionetsero, analemba mu 1961 za nkhumba zimene zinaphunzira bwino kunyamula ndalama zamtengo kukaponya m'bokosi, koma patapita milungu zinayamba kuzigwetsa pansi ndi kuzifukula ndi mphuno, ngakhale kuti kutero kunkachedwetsa chakudya. Chinthu chikalumikizidwa kwambiri ndi chakudya, nyama imayamba kuchichita zimene mtundu wake umachita ndi chakudya. Kwa galu ndi kupalasa, kunyambita ndi kuluma chitini. Mukaliza mochedwa, mwendo wa galuyo utayamba kale kukwera, mukulipira kupalasako. Lizani msanga, mphuno ili phee, fupikitsani nthawi yosunga kwa magawo angapo, ndipo mangirirani zitini pa thabwa kuti zisamagubuduke.

Zothandiza kufulumizitsa ndi kusunga

Ngati nyama ikuyenera kuchita zinthu ziwiri zosiyana pa zizindikiro ziwiri, perekani mphoto yosiyana pa chilichonse. Milton Trapold anaonetsa mu 1970 kuti makoswe amaphunzira msanga ngati yankho lina likubweretsa chakudya cholimba ndipo lina madzi a shuga, kusiyana ndi pamene onse akubweretsa chofanana. Ndipo musadabwe kuti fungo lachiwiri ndi lachitatu zikutenga nthawi yochepa kuposa loyamba. Anyani a Harry Harlow, mu 1949, atadutsa m'mayeso oposa 300 a zinthu ziwiriziwiri zatsopano, ankangofunika ulendo umodzi kuti adziwe cholipira.

Zimene zaphunziridwa m'chipinda chimodzi zimamatirira ku chipindacho. Sinthani malo, nthawi, woyendetsa ndi mtundu wa zitini, chimodzi pa nthawi, ndipo pa kusintha kulikonse bwererani ku zophweka kwa maulendo 5 oyamba. Muyezo ukakhazikika m'malo atatu kapena anayi, yambani kudumpha mphoto: lipirani mayankho olondola 4 mwa 5, kenako 2 mwa 3, mosatsata ndondomeko yoti nyama ingailote. Mukadumpha, musalize clicker. Kuliza kopanda chakudya kumaifooketsa. Pa ntchito yeniyeni, pamene inu simudziwa ngati yankho ndi lolondola, musalipire mongoganiza, chifukwa mphoto imodzi yogwera pa cholakwika imatsegula mpata watsopano. Sakanizanimo zitsanzo zodziwika zimene wothandiza waika, mulipire pa zimenezo zokha, ndipo kamodzi pa mlungu chitani gawo lathunthu la maulendo 20 inu musakudziwa pamene pali S+, n'kulemba zotsatira pa pepala lomwe lija.